Njinga Imene Inakulumani Chidendene

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ndine Filomena, mwana wanu wolongolola uja. Ndikhulupirira kuti abambo anakupezani. Anatisiya mvula ili pakati, ndi chifuwa chawo chija, ndipo anapita ali pamphasa pawo, osati ndi chipolopolo, chimene masiku ano tikuchiyesa mwayi. Akayamba kufunafuna kachikopa kawo ka fodya, muwauze kuti tinawaikira kumutu.

Tikadali ku Ntengo-Wambalame kumene tinathawira. Kwathu ku Chidzolomondo sikupitika. Ochokerako akuti nyumba yathu anaitentha anyamata a m'tchire, koma mtengo wa mapichesi uja ukubalabe. Batata wachita bwino chaka chino, nyemba zokha ndizo zatikana. Mng'ono wanga Rozina wabereka mwana wamwamuna wa mphuno ngati yanu, ndipo ndinamulandira ndine ndi manja angawa. Uzamba ndikugwirabe. Galimoto ya chipatala inapsa pamsewu, choncho mayi akadwala kutali ndimathamangirako pa njinga ija. Matayala ake oonda aja sapezeka, ndiye ndimangosokeramo nsanza, koma imafika. Nkhani yake ndiyo yandikhazika pansi lero.

Tsiku lometa maliro a abambo, akwawo anabwera kudzatenga katundu, monga mwambo ulili kuti za mwamuna zimapita kwa ana a alongo ake. Anatenga nkhwangwa, chikhoti ndi nsapato, ife osatsutsa. Kenako Jerevazio, mwana wa azakhali a Nambewe, anagwira njinga pachishalo. "Iyi ndi ya amalume anga," anatero. "Ndinabadwa ndikuwaona akuyikwera." Amafuna kukayisinthitsa ndi chimanga ku malire. Sindimuda, ana ake njala yawakola. Koma mtima wanga unathamangira kwa amayi oyembekezera a kuseri kwa phiri amene masiku awo ayandikira. Pa miyendo sindingawafike nthawi yabwino.

Ndinaimirira n'kunena mawu anu aja, amene munkawaseka nawo abambo: "Bambo akowa anabwera ndi malaya okha, njinga anayipeza." Ndinati inali ya amalume a Tomasi, achimwene anu, amene anapatsidwa ndi mzungu wawo ku Beira, ndipo atamwalira inatsalira inu. Jerevazio anaseka, akuti abambo anayigula okha atakwatira kale. Mlandu unagona pamenepo. Ikakhala kuti inafika pakhomo panu ukwati usanachitike, ndi yathu. Ikakhala ya pambuyo, ndi yawo.

Akuluakulu anaitanitsa a Binzi, okonza njinga pamsika, amene ali mnyamata ankagwira ntchito mu ofisina yokonzera njinga ku Tete. Anabwera akutsimphina, nayigoneka chagada ngati mbuzi yofuna kusendedwa. Anasisita nyanga zake zopindikira pansi zija, nagwedeza kachitsulo kosinthira liwiro, nayang'anitsitsa timisomali tokhoma ndi nyundo togwira zopalasira. "Iyi ndi korida, ya mpikisano," anatero. "Yobadwira ku Ulaya. Makorida okhoma misomali chonchi ndinkawaona kwa azungu nkhondo yoyamba ija, yomenyera ufulu, isanalotedwe n'komwe. Ana inu, apatseni ulemu awa, ndi agogo anu." Atapala pang'ono ndi mpeni, pansi pa tinta yakuda, utoto wopaka pamwamba uja, panatuluka mtundu wa thambo, ndi timabowo tiwiri pamene panali chizindikiro cha opanga. Amayi, ndinatupa ndi kunyada. Anthu ankayiseka njinga imeneyi kuti ndi yowonda ngati galu wa m'chilala.

Koma Jerevazio si wopusa. Anati kukalamba kwa njinga sikutchula mwini, munthu angathe kugula yakale. Ndipo anali kunena zoona.

A Binzi anapitiriza kupala mpaka pa phanda logwira gudumu la kutsogolo, n'kuima. Mwendo umodzi wa phandalo unali ndi mabala a nyundo ndi kuda kwa moto. "Apa panalowa chinthu m'gudumu, njinga ili pa liwiro," anatero. "Phanda linapindika, wina analiwongola pa moto. Tinta yakudayi inabwera pamwamba, bala litakhalapo kale." Za tintayo palibe anatsutsa, chifukwa aliyense amadziwa kuti abambo anapaka njingayo tinta yotsala popaka chitseko cha nyumba imene anakumangirani chaka chawo choyamba pa chikamwini.

Pamenepo ndinakumbukira phazi lanu lamanzere. Ndinawauza mmene munkatifotokozera tikamakuchotsani minga, kuti muli mtsikana wosavinidwa munakakamira amalume a Tomasi kuti akunyamuleni pamtanda wa njingayi, ndipo pa chitsikiro cha kudambo munayamba kuimba n'kumagwedeza miyendo, chidendene n'kulowa m'gudumu. Jerevazio anati imeneyo ndi nthano, mwini phazi anagona, ndani angakafukule kuti tione? Mawuwo anandibaya. Rozina anayamba kulira.

Azakhali a Nambewe anali atakhala pambali, atafunda nsalu kumutu. Mukuwadziwa, inu ndi iwo simunkamwerana madzi. Anakhosomola, nati: "Jerevazio, chotsa dzanja pamenepo." Anafotokoza kuti tsiku limene abambo anapita nanu kwawo kukakuonetsani, musanalowane, iwo ndiwo anakuperekezani kumtsinje kukasamba. Anaona chipsera pachidendene, chopola kale, choyera, nakufunsani ngati inali ng'ona. Inu munati, "Ayi, ndi njinga ya achimwene." Azakhali anamaliza ndi kuti, "Mlamu wanga ndinkakangana naye ali moyo. Sindimubera atagona."

Jerevazio anachotsa dzanja, maso ali pansi. Madzulo ake ine ndi Rozina tinamutapira batata ndi chimanga pang'ono, poti magazi ndi amodzi ndipo njala ndi yomweyo.

Musaseke, Amayi. Pobwerera kwawo, azakhali anaima pafupi ndi njingayo nati, "Tandinyamula, ndione chimene chinamupengetsa mayi ako." Ndinawakweza pamtanda, nkhalamba yonse ija, mpaka pamphambano. Njira yonse anali atakweza mapazi m'mwamba ngati akuwoloka mtsinje, akukuwa kuti ndichepetse liwiro, ndipo sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi.

Pamene a Binzi anapala sindinapakepo kanthu. Ndikufuna mtundu wa thambowo uzioneka, ndi bala lomwe. Dzulo ndinali kuseri kwa phiri kuja, ndipo mtsikana wina wa mimba yoyamba anachira bwino, mwana wamkazi. Pobwerera, pa chitsikiro, ndinapezeka kuti ndikuimba ndekha. Ndili wamng'ono ndinkachita manyazi ndi kayendedwe kanu kokoka mwendo, anzanga akamakuyeserani kusukulu. Lero phazi lomwelo ndilo latiimira pa mlandu, inu muli m'manda.

Msewu wa ku Chidzolomondo ukadzangotseguka, ndidzabwera pa njinga yanuyi kudzalambula pamene mwagona, ndipo ndidzayitsamiritsa pafupi kuti muyione. Mpaka tsikulo, siichoka m'manja mwa ana anu. Mupereke moni kwa abambo, ndipo musawanyoze kwambiri za malaya aja.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filomena