Mchenga wa ku Damu

Sinda,
14 Okutobala, 1988.

Okondedwa achimwene a Levison,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife tilipo, kungoti dzuwa lanyanya.

Nkhani ndi yakuti Jeremani, ng'ombe yathu yakuda ija, kulibenso. Inayamba kukana msipu, mimba n'kutupa, kenako inagona osadzukanso. Atate anaitana a Bwanali, ogulitsa nyama ku Katete, kuti aizinge isanafe yokha. Atang'amba chifu, munatuluka chimpira cholimba cha mapulasitiki okhaokha: timatumba ta maswiti, zidutswa za makapu, tizingwe. A Bwanali anapukusa mutu nati, "Bambo, imeneyi imamwa kuti madzi?"

Yankho mukulidziwa, ku damu. Koma simunaone mmene kwasinthira. Pamchenga paja tinkayanika zochapa, masiku ano Loweruka ndi Lamlungu pamadzaza magalimoto a ku Chipata, ena a azungu opita kukaona nyama ku Luangwa. Amasambira, amadya, amapita. Zimene asiya dzuwa limaziphwanya tizidutswa, n'kusakanikirana ndi mchenga, ndipo ng'ombe zimanyambita pofuna mchere wa zakudya.

Ineyo ndimagulitsa zitumbuwa ndi nkhuku yokazinga pomwepo. Ndizo zikutisunga ine ndi mwana wanga Agatha chichokereni bambo ake.

Atate sanandikalipire. Anangotenga sefa ya amayi, ndipo m'mawa uliwonse amapita kukasefa mchengawo, zotsala m'sefa n'kuthira m'thumba. Anthu amawaseka kuti akufunafuna golide. Thumba limadzaza, koma Lolemba lililonse amakapeza zina.

Lamlungu lapitali anadula minga n'kutseka njira ya magalimoto. Ndinawapeza akukoka nthambi, ine dengu lili pamutu.

"Atate, mukatseka apa ndigulitsa kwa yani?"

"Nanga ng'ombe yotsalayi ikafa ndilima ndi yani?" anatero osandiyang'ana.

Magalimoto ankafika paminga, n'kuliza hutala, n'kutembenuka. Ndinabwerera dengu lili lodzaza. Tinadya tokha, ine, amayi ndi Agatha. Atate anasamba m'manja, anayang'ana mbale, kenako anadzuka osalawa.

Kuyambira tsikulo timangopatsana moni basi. Amayi ena ogulitsa kudamuko akuti achotsa mingayo, ndipo akufuna nditsogole ineyo poti anatsekawo ndi atate anga. Sindinavomere, sindinakane.

Musandifunse wolakwa, achimwene, chifukwa sindikumudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mitambo yayamba kusonkhana kum'mawa, ndipo ng'ombe imodzi siikoka pulawo. Musatumize kanthu pa basi. Bwerani nokha, mudzakhale pansi ndi atate, inu amakumverani.

Amayi akupereka moni, Agatha nayenso. Atate ndawafunsa mawu oti ndikulembereni, angoti, "Umuuze ndili bwino." Sali bwino, achimwene. Malaya ayamba kuwakulira.

Ndine mlongo wanu,
Perpetua.