Phulusa Panjira ya ku Nikah ya Fauziya

Lachiwiri

Mahmudu 07:42
shamim ababa akutipusitsa. ndawapeza kumunda mmawa uno akuyenda okha, ndodo ili paphewa

Mahmudu 07:43
munthu yemweyo dzulo anauma pakhomo ngati amuthira simenti, tinachita kuwanyamula ine ndi amayi

Fauziya 07:51
achimwene musatero, ndi bambo anu

Mahmudu 07:53
ndye bambo akowo akuti ku nikah yako lachisanu sapita. akuti iwo si thumba la nandolo kt alowe mu mzikiti atanyamulidwa. akuti ndikupereke ndine

Fauziya 07:54
iyayi. andipereke ababa. apo ayi a shehe asinthe tsiku

Mahmudu 07:56
akuchimuna akufika mawa kuchokera ku nayuchi. usinthe chani

Shamim 12:31
sorry ndinali ku kalembo, network kulibe. achimwene kumundako amayenda motsata mizere kapena modumpha?

Mahmudu 12:33
funso lanji limenelo. modumpha

Shamim 12:33
dikirani ndijambule voice

Shamim 12:40
🎤 1:52
Achimwene, mvetserani mpaka kumapeto, paja inu mumadula voice pakati. Research yanga ija ndikumayenda ndi a Matilda, a OT a kuchipatala, kuona mmene amathandizira odwala kuti thupi lizigwirabe ntchito. Ine ndinkati ndikaona ma exercise a pa pepala. Lero tinapita kwa mayi ena, a Clementina, ali ndi Parkinson's ngati ababa. Ana awo amawakonda zedi. Kuwadyetsa, kuwasambitsa, ndi kapu ya madzi yomwe sakhudza, angokhala pa mkeka ngati mlendo. A Matilda sanatsegule n'chikwama chomwe. Angofunsa kuti mayi, mukusowa chiyani? Iwo amvekere, kutchalitchi. Basi a Matilda atapa phulusa kukhitchini, alemba timizere topingasa pabwalo, akuti mayi musaganize zoyenda, ingodumphani apa. Achimwene, mwendo uja unanyamuka. Wina unatsatira. Mayi aja anakafika pa mtengo wa mango, n'kutembenuka kuyang'ana kumene achokera, osakhulupirira miyendo yawo yomwe. Ndinaiwala kuti ndabwera kudzaphunzira, ndinangoima ngati mwana woona sitima koyamba.

Shamim 12:43
ababa sakunama. matendawa pabwalo losesa bwino ubongo umasowa poyambira. kumunda mizere ikuwauza poponda

Mahmudu 13:10
phulusa lomweli la pamoto?

Shamim 13:11
lomwelo. muwayese akamwa mankhwala awo a kuchipatala aja, muime pambali pawo. ndipo khasu munabisa lija bwezani, a matilda akuti mkeka ndi umene ukuwamaliza

Mahmudu 13:12
sukulu yakeyo kkkk. chabwino

Lachitatu

Mahmudu 09:18
🎥 0:34

Mahmudu 09:19
kuchoka pakhonde mpaka pa mjigo

Mahmudu 09:19
okha

Shamim 09:25
subhanallah. ndaonera katatu. taonani mmene akusekera

Mahmudu 09:27
amayi akhala pansi akulira

Fauziya 09:40
angondiitana. akuti ndichape mkanjo wawo woyera ndiusite 😭

Shamim 09:42
ndawaonetsa a matilda. akuti azipitiriza mmawa ndi madzulo, kumunda azipitanso. ine ndibwera lachisanu ndikamaliza presentation inshallah

Lachisanu

Mahmudu 10:48
ndalemba kuyambira pakhomo mpaka pa mzikiti. phulusa ndachita kupempha makomo atatu

Shamim 12:05
mwagwira ntchito achimwene. ndili liwonde, minibus ikudikira idzaze

Mahmudu 13:36
zavuta

Mahmudu 13:37
azakhali a mkwati aona phulusa ife tili ku mapemphero a juma. akuti ndi mankhwala otchera, mwana wawo sadumpha zimenezo. akuti nawonso ababa miyendo inafa cfkw chodumpha zomwezi. asesa n'kuwaza madzi

Shamim 13:38
yooo. sitinawauze

Mahmudu 13:41
kunatsala timizere pafupi ndi nyumba. ababa ayenda bwino, pothera phulusa auma. pakati pa msewu shamim. anthu onse maso pa iwo

Mahmudu 13:42
ababa akuti ndiwabweze kunyumba fauziya ndikampereke ndine

Shamim 13:42
musawakoke agwa. musawanyamule pls. ikani chilichonse pansi mopingasa, chilichonse

Mahmudu 13:43
asesa mbee palibe ndi kamtengo komwe

Shamim 13:44
📞 sanayankhe

Shamim 13:46
achimwene

Shamim 13:52
📞 sanayankhe

Fauziya 13:58
shamim ine anditsekera mchipinda ndi amayi aakulu. panja pangoti zii. chikuchitika nchani

Shamim 13:59
sindikudziwa. tadutsa ntaja. pemphera

Shamim 14:20
aliyense andiyankhe

Mahmudu 14:47
🎤 1:31
Shamim, pepa, manja anali otanganidwa. Ndinayang'ana uku ndi uku, palibe kanthu. Ndiye ndinavula nsapato yanga, ndaiika mopingasa patsogolo pawo. Ndati ababa, musayang'ane anthu, dumphani iyi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadumpha. Ndavula inayo, adumphanso. Ndimati nditole ya m'mbuyo ija, ndangoona mkwati wawerama, waika zake zatsopano zija. A shehe atuluka mu mzikiti, avula zawo. Ine sindinapemphe munthu. Azibambo onse, a kuno ndi a ku Nayuchi, wina akaika mnzake aika patsogolo, masilipasi, magambutsi a Bizwick wa pachigayo yemwe amangodutsa, mpaka pakhomo la mzikiti. Mchenga ukuwotcha, anthu osavala nsapato. Umangomva mkanjo wa ababa ndi kupuma kwawo. Azakhali aja aima poteropo, dzanja pakamwa. Ine ndakula ndi bambo ameneyu, ndawaona akunyamula matumba awiri pamsika wa Nselema, koma kuyenda kwa lero sindinakuonepo. Ndinachita mantha, Shamim, mantha abwino.

Fauziya 14:52
ndamva mawu a ababa pa speaker ya mzikiti. anena okha kt ndampereka mwana wanga. mawu osanjenjemera

Shamim 14:53
alhamdulillah. ndikulira mu minibus anthu akundiyang'ana

Mahmudu 14:58
a matilda akowo uwauze kt zkm. uwauze zonse, usasiye kanthu

Shamim 14:59
akamva za nsapatozi adabwa ndi iwo omwe

Mahmudu 15:06
shamim uli pati. akuchimuna abweretsa galimoto kt iwatule kunyumba, akana

Mahmudu 15:06
akuti abwerera wapansi, adzerenso kumsika akaone anzawo

Mahmudu 15:07
kumsika nkutali. nsapato zichepa

Shamim 15:09
ndatsika pa stage. zanga ndavula kale