Kachidutswa Kanu Kadatsala ku Chipatala

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ndine Rozina, mwana wanu wachiwiri, uja munkati pakamwa pake pamafika msanga mutu ukadali m'njira. Lero ndiye zonse ziwiri zachedwa. Ndakhala pakhonde kuyambira m'mawa ndi kaderno ya ku sikola ya mdzukulu wanu Marita, ndang'ambamo mapepala atatu, awiri ndaponya pamoto chifukwa nkhani ndimaiyambira kumchira. Mundipirire, ndiyambe kaye ndi zapamudzi kuti dzanja lizolowere.

Kuno ku Ntengo-Wambalame tilipo ndithu. Kachewere chaka chino wabereka bwino kudimba lanu la kumtsinje, mpaka amuna anga a Domingu, akamwini anu, adachita kubwereka ngolo. Nyemba ndiye ayi, zidaolera m'munda ndi mvula ya mu Feverero. Lusiya, chitsirizira chanu, adachira mwana wachinayi ku Furancungo kumene amuna ake akuphunzitsa. Ndi wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Anastaziya. Kakamalira kamakwinya pamphumi ndendende ngati inu mukamasankha nyemba. Atsibweni a Fabiyau, alongo anu, mwendo uja ukuwavutabe, koma ku misa salephera. Denga la kozinya yanu, mophikira muja, lidagwa ndi mphepo, mpaka pano sitidalikonze.

Tsopano nayi nkhani ndakhala ndikuizembayi. Mwezi wa Abiri, ndikusamba, ndidakhudza kanthu kolimba m'bere langa lakumanzere, kukula kwake ngati njere ya chimanga. Pomwepo ndidakumbukira kuti nanu zidayamba chomwecho. Ndidakhala masabata atatu osauza munthu, ndikumalima, ndikumaseka ndi anthu pachitsime ngati palibe kanthu. Kenako ndidapita ku Tsangano, adandilembera giya, kalata ija yotumizira wodwala, ya ku Tete. Ku Tete adandiyeza nkundilozera kutsogolo, ku chipatala chakutali chija tidagonako miyezi itatu ine ndi inu zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Masiku awiri m'basi, miyendo kutupa, monga kale.

Amayi, malo aja simungawadziwe. Ine nditafika ndidayamba kufunsa anthu ngati ndatsika polakwika. Mukukumbuka chipinda chimodzi chachitali chija kuseri kwa kochapira zovala, amayi onse odwala kankuru m'menemo, ife odwazika tikuphika pa mafuwa pansi pa mtengo wa mango? Mtengo uja kulibe. Pamenepo pali nyumba yosanja ya kankuru yekhayekha, matenda aja a ku Malawi amati khansa. Muli kachipinda kachitsulo kokwera nako m'mwamba. Ndidalowamo, ndidatulukira komwe ndidalowera, ndidalowanso, anthu nkumandiseka. Odwazika ali ndi nyumba yawo ya mabedi ndi mipopi. Kuli makina akuti amawotcha nthenda m'kati mwa thupi ndi kuwala kosaoneka, munthu osamva kutentha. Ndidafunsa kawiri, sindidamvetsebe.

Pakhoma la polowera apachika zithunzi zoonetsa mmene malowa adakulira, ndipo choyamba penipeni ndi chipinda chathu chija, mango ali pambali. Ndidaima pamenepo kuyang'anitsitsa, kaya ndimafuna kuona chiyani, mwina chitenje chanu pachingwe. Nthawi yanu dotolo adali mmodzi, madala aja a magalasi, tinkawadikira Lachiwiri ndi Lachisanu. Pano ovala zoyera ali piringupiringu m'makonde, ena akuti sachiza, amangofufuza. Ndidadzifunsa kuti munthu wosachiza m'chipatala amafunamo chiyani.

Munthu mmodzi yekha ndidamudziwa, a Dona Selesite, a infirimera, anamwino aja a ku Angonia amene ankakulankhulani m'Chichewa chathu nkumakutchulani kuti titiya, ngati ndinu azakhali awo. Imvi zawayamba, ndipo pano ndiwo akulu a anzawo onse. Ndiwo adakhala nane pamene dotolo, mayi wachichepere, ankandiuza zotsatira. Dotoloyo adati, "Ndi kankuru, koma mwabwera msanga. Tikachotsa bereli nkukupatsani mankhwala, mwayi wochira ulipo waukulu."

Mukudziwa chimene ndidayankha? Mawu anu omwe aja. Paja inu atakuuzani zodula mudadzuka pabedi, mudamanga kapulana yanu, chitenje chija, nkunena kuti, "Mulungu adandipatsa awiri, ndikamubwezera awiri. Mukandiike kwathu ndili wathunthu." Tidakutengani, mudatha miyezi isanu pakhomo, mudatisiya. Amayi okusambitsani adatuluka m'nyumba akuuzana kuti mayiyu wapita monga adabadwira, ndipo ine zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda nawo mawu amenewo monyada. Ndiye ndidawalavula pamaso pa dotolo osaganiza nkomwe. Iye adangoyang'ana a Dona Selesite.

Iwo sadandikalipire. Adandigwira dzanja nkunena kuti, "Tiye kuno, Rozina, ndikuonetse pamene padagona amayi ako." Tidadutsa makonde ambirimbiri mpaka tidatulukira kuseri, ndipo chipinda chija chilipo, Amayi, ngakhale zenera losweka lija adalikonza. Koma mabedi mulibe. Muli makabati achitsulo kuchokera pansi mpaka kudenga, a timagaveta ting'onoting'ono tokoka. Adayang'ana m'buku, adakoka kamodzi, nkutulutsa kanthu konga chibenthu cha kandulo, kochepa kuposa bokosi la machesi. M'kati mwa phulalo munkaoneka kadontho kofiirira. Adati, "Aka ndi kachidutswa ka bere la amayi ako, kamene tidatapa sabata yoyamba kuti tidziwe nthenda yawo. Sititaya."

Ndidangokhala pansi pa simenti. Ndikukumbuka tsiku lija adakumatani bandeji, ine ndikukugwirani phazi. Ndinkayesa angosuzumira nkutseka. Kodi inu munkadziwa? Mwina adatiuza, ine mutu uli kwina. Mwina mudamva bwinobwino nkusankha kusatiuza. Nanga amene tidaika kumanda kwathu kuja, tidaimba, tidamanga chiliza, ndi wathunthu kapena ayi? Ndikati muli ku Ntengo-Wambalame ndikunama? Ndikati muli m'kabati ndiye misalatu imeneyo. Mutu wanga ukungozungulira pamenepa mpaka lero, sukutulukapo.

A Dona Selesite adakhala pansi pomwepo pambali panga, ndi zoyera zawozo. Adati nyumba zosanja zonse ndaonazo zidayambira m'chipinda chimenechi. Adati ofufuza aja amacheka tizidutswa iti mopyapyala nkumatiyang'ana pa makina okuza zinthu, kuti adziwe mmene nthendayi imayendera mwa anthu a kuno ndi mankhwala amene amaigwira. "Nthawi ya amayi ako tinkadziwa zochepa," adatero. "Amene adagona muno ndiwo atiphunzitsa." Kenako adapempha kuti ndikalola kudulidwa, ndiwalolenso ayerekeze changa ndi chanu, aone ngati nthendayi ikuyenda m'magazi a kwathu, chifukwa kuli Lusiya, kuli Marita, tsopano kulinso Anastaziya. Adandipatsa mapepala awiri oti ndikaganize kunyumba, lina la operasau yodula bere langa, lina la kachidutswa kanu. Ine dzanja linkandiyabwa kuti ndingokatsomphola, ndikamange pa mfundo ya kapulana, ndibwere nako kwathu.

Nditafika ndidauza atsibweni, poti mbumba ndi yawo. Adati, "Ubwerere ukakatenge, tidzakwirire pambali pake. Mlongo wanga asagone woperewera." Mawa lake m'mamawa ndidangoona akubwera ndi ndodo yawo, mame ali m'miyendo. Adati, "Kapena ukasiye komweko. Ine sindikudziwa, mwana wanga. Zoterezi akuluakulu sadatisiyire mwambo wake." Adamwa madzi nkubwerera. A Domingu awo akungoti, "Ine ndidakwatira iwe, sindidakwatire bere," koma akanena choncho amathawitsa maso, amapita kukaona mbuzi zimene aziona kale.

Ndinene poyera, Amayi, ndakukwiyirani masiku ano, koyamba chimwalirireni. Mukadalola mpeni, mwina bwenzi mukumunyamula Anastaziya. Kapena ayi, chifukwa a Dona Selesite akuti mudafika nthenda italowerera, iwo sangalumbire. Ndiye ndikwiye kapena ndisakwiye, nachonso sindikudziwa. Chimodzi chokha ndachigwira. Zaka zonsezi mwakhala mukubwera kutulo kwanga kudzandikalipira za nkhuku zolowa m'nkhokwe, za mwana woyenda wosadzola, za kujomba ku misa, koma simudafunsepo za kanthu kanu kadatsala kuchipatala, ngakhale kamodzi. Inu amene singano ikasowa m'nyumba tonse tinkaleka kudya mpaka ipezeke! Kaya imeneyi ndi nzeru, kaya ndi mantha akundiphunzitsa kulankhula, koma ndikuona ngati kumeneko sawerenga ziwalo za munthu.

Inu mudapita ife tonse tili ndi mabanja athu. Marita wanga ali mu desima, kalasi yakhumi ku sikola, ang'ono ake awiri sadziwa ngakhale kuchapa zovala zawo. Sindingathe kunena mawu anu aja kachiwiri, Amayi, ndayesa, akukanika kutuluka. Segunda-feira, Lolemba likubwerali, m'mawa ndikwera chapa, minibasi ya ku Tete, ndipo mapepala onse awiri ndasaina kale. Atsibweni sindidawauze za lachiwirilo. Kachidutswa kanu kakhala komwe kali, ndipo akuti changa nachonso adzachisunga m'chipinda chomwecho.

Ndikabwerako wamoyo, ndikulonjeza kuti tsiku lolambula kumanda ndidzafika ndi Marita, ndidzagwada kumutu kwanu, ndikuuzeni ndekha zimene apeza, zabwino kaya zoipa. Ndipo tsiku limene ndidzabwere kumeneko, kaya ndi chaka chino kaya ndili nkhalamba, ndidzafika ndi bere limodzi. Musadzandibweze pakhomo, Amayi. Ndimakukondani, ngakhale pa ichi sindikukumverani.

Ndine mwana wanu,
Rozina