Mwendo wa Atate

Chelstone, Lusaka
9 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Reuben,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga a Muriel ndi kamwana kathu Kayla. Ine ndilipo, kungoti thupi latopa. Mudabwa kuti ndalemberanji kalata chonsecho foni ilipo. Pafoni mumayankhula ndinu, ine n'kumangoti "inde, achimwene" mpaka mwadula. Lero ndikufuna mundimve mpaka kumapeto. Kalatayi ndapatsira a Mwape, oyendetsa basi aja a kutchalitchi kwathu.

Mukukumbuka zimene munandiuza mu Epulo, adokotala atanena kuti bala la shuga la kuphazi kwa atate silipolanso, ndipo mwendo wakumanja uyenera kudulidwa m'munsi mwa bondo. Atate atakana, inu munati, "Chikhumbo, si iwe ukuphunzira za mtsutso kuyunivesite? Akope. Ukalephera nkhalamba imodzi, sukulu yakoyo ndi yachiyani?" Mwina munkangocheza, koma mawuwo anandikhala pamtima.

Ndinakonzekera monga timachitira m'kalasi. Aphunzitsi athu, mayi Lukonde, amati usanatsegule pakamwa uzidziwa mfundo yako, umboni wake, ndi chimene mnzako adzayankhe. Ndinakaonana ndi adokotala kawiri, ndinawerenga, zonse n'kuzilemba pa timakadi. Loweruka lina masana ndinawapeza atate pakhonde, phazi atasanjika pakampando. Ndinawafotokozera mmene bala lotere limakwerera. Ndinawakumbutsa za a Ng'andu a ku Kabwata, amene anadulidwa mwendo kalekale koma mpaka lero akugulitsa m'shopu yawo. Atatchula Mulungu, ndinawayankha ndi vesi. Atatchula ukalamba, ndinawayankha ndi mawu a adokotala. Sindinawasiyire pothawira.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anaomba m'manja pang'onopang'ono. "Wapambana, mama," anatero. "Kukanakhala kukhoti, mlandu ukanakukomera. Koma mwendo ndi wanga."

Tinachita zimenezi milungu isanu, achimwene. M'mawa ndinkawatsuka bala n'kuthamangira minibasi. M'kalasi n'kumakatsutsana ndi anzanga za malamulo a malo ndi za ufulu wa ogulitsa m'misewu, madzulo n'kubwerera kudzatsutsana ndi bambo wondibala. Kusukulu zinkandiyendera, moti ine ndi mnzanga Chibesa anatisankha kukaimira yunivesite pampikisano wa ku Kitwe mwezi wamawa. Kunyumba nako ndinkapambana tsiku lililonse, koma fungo m'chipinda mwawo linkangokulirakulira. Anayamba kunditcha "a loya", ndipo akamva geti ikutseguka ankanamizira kugona.

Tsiku lina ndinasinza m'kalasi, ndipo mayi Lukonde anandiimitsa pakhomo anzanga atatuluka. Ndinawauza zonse. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga mfundo ya atate ako ndi yotani?" Ndinati alibe mfundo, ndi mantha chabe. "Ndiye kuti sunawafunse," anatero. "Ngati sungathe kunena maganizo a munthu mpaka mwiniwake n'kuvomera kuti eya, ndi zomwezo, sunayambe kutsutsana naye. Ukungomukalipira mwaulemu."

Lamlungu lotsatira makadi aja ndinawasiya m'chikwama. Ndikuwamanga bandeji ndinati, "Atate, lero sindikuyankhani. Mungondiuza chifukwa chake." Anayang'ana mtengo wa mapeyala wa pabwalo uja, kenaka anandifunsa:

"Amayi ako atadwala chaka chonse chija, ankawanyamula ndani popita kuchimbudzi?"

"Inuyo, atate."

"Ndipo ntchito yanga ya kupositi inathera pomwepo. Sindidandaula, anali mkazi wanga. Tsono ine akandidula, adzandinyamula ndani? Reuben ali ku Joni ndi banja lake. Wondiperekeza kuchipatala ndiwe, wondidzutsa ndiwe, wondisambitsa ndiwe. Mwana wamkazi kusambitsa bambo ake, unazionapo kuti? Ndipo sukulu idzathera pomwepo. Ndikakhala chonchi, ndi nkhani ya miyezi yochepa. Udzalira, kenaka udzamaliza digiri yako. Ine ndadya zaka makumi asanu ndi awiri, iwe sunayambe n'komwe. Yankhani imeneyo, a loya."

Achimwene, apa ndi pamene ndikufuna mundikhululukire. Yankho linali pakamwa, koma ndinakhala chete. Ndinamaliza kumanga bandeji, ndinakataya madzi, ndipo kwa masiku atatu sindinatchulenso za chipatala. Ndinkapita kukayeserera za mpikisano, ndinkaseka ndi anzanga, ndinafika poyesa diresi loti ndikavale ku Kitwe. Masiku atatu amenewo ndinaileka mfundo yawo kuti iime, chifukwa inkandikomera ineyo. Sindinauzepo munthu zimenezi, inu ndinu oyamba.

Lachinayi m'mawa nditamasula bandeji, ndinapeza chala chachiwiri chada bii. Ndinakwera minibasi, koma sindinalowe m'kalasi. Ndinapita kuofesi n'kukalemba fomu yoimika maphunziro kwa chaka chimodzi. Chibesa anandipeza pamzere. "Iwe, wafuntha?" anakuwa. "Kitwe ni mwezi wamailo chabe! Manje nizayenda na ndani?" Mayi Lukonde anasaina fomuyo osandiletsa. Anangoti malo anga adzandidikira, koma ambiri amene amati abwerera sabwerera, ndiye ndisadzakhale mmodzi wa iwo.

Nditafika kunyumba ndinaika pepala lodindidwa lija pamiyendo pa atate. Ndinati, "Sukulu ndaimika kale. Mudulidwe, musadulidwe, chaka chino ndili pakhomo pano. Musankhe nokha, ndikhale ndikusamala wodwala kapena ndikhale ndikulira maliro."

Chibadwire sindinawaonepo atakwiya chomwecho. Anaponya pepalalo pansi, ananditcha chitsiru, nandiuza kuti ndichoke pamaso pawo. Masiku awiri sanandiyankhule, chakudya ankangochiyang'ana. Tsiku lachitatu ndikusesa pabalaza ndinamva akuitana. "Pepala la adokotala lovomereza opaleshoni lija lili kuti? Ndi cholembera chomwe." Anasaina osandiyang'ana. Anati, "Uku si kutsutsana ayi, mama. Uku ndi kumanga munthu manja." Sananame. Zimenezi kusukulu sanatiphunzitse, ndipo sindikunyadira.

Opaleshoni ichitika Lachinayi likubwerali, pa 13. Alowa m'chipatala Lachitatu.

Tsono pempho langa ndi ili. Musandiimbire foni yondithokoza, ndiponso musandiuze kuti ndinafulumira, chifukwa zonsezo ndadziuza kale ndekha. Pemphani tchuthi kuntchito, ngakhale cha milungu itatu, mubwere. Pa mfundo zawo zonse, imodzi ndalephera kuiyankha, ndiyo ya kusamba ija. Masiku oyambawo pakufunika mwamuna pakhomo pano, ndipo mwana wawo wamwamuna ndinu nokha. Zina zonse ndidzachita ine. Mabuku ndawalongedza m'katoni pamwamba pa kabati, poti ndikamawaona mtima umandiwawa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti sindikuwalanda mwamuna, ndikungobwereka. Kayla mumupsompsone, ndipo ngati n'kotheka mujambule mawu ake akuimba kanyimbo kake kaja, agogo ake akamvere m'chipatala. A Ng'andu akupereka moni, alonjeza kutibwereka ndodo zawo zakale.

Atate nawonso akuti moni. Ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Aganiza pang'ono, kenaka aseka, koyamba chiyambire Epulo. Akuti nsapato zimene munawalonjeza pa Khirisimasi zija musavutike nazo zonse ziwiri. Mubweretse yakumanzere yokha, koma muibweretse ndi manja anu.

Ndine mlongo wanu wokudikirani,
Chikhumbo