Flashi Ija Munatikonzera

Lufita, Chitipa

Okondedwa achimwene a Levison,

Muli bwanji ku Zomba kumeneko? Kuno tili makora, monga amanenera eni dera, kungoti kukuzizira.

Kompyuta ya kusitudiyo kwa alamu anu a Clifford yafa. Zithunzi za maukwati a anthu zili momwemo, ndipo eni ake ayamba kutilondola mpaka kunyumba. Ndinakumbukira flashi ija munatikonzera. Munati tikaibaya poyatsa, idzadzutsa kompyuta n'kubwezeretsa zonse zimene tinasunga pa hadi dirayivu. Ndaibaya, ndasintha mabowo onse, koma kompyuta siikuiona n'komwe. Nditaitsegula pa laputopu ya kuntchito kwanga kuchipatala, ndapezamo nyimbo za Chiswahili zokhazokha.

A Clifford akuti, "Mwina ana anapita nayo kwa obena nyimbo." Achimwene, ana athu safikira pamwamba pa wadirobu pomwe ndinkaisunga.

Komanso kompyutayo inafa tsiku lotsatira nditaonamo zithunzi zina za ku Chisenga. Panali mayi wina atanyamula khanda, ndipo pambali pake panaima bambo atavala jekete ija ndinawagulira a Clifford pa kaunjika. Basi, ndisachulutse. Chondidabwitsa n'chakuti makasitomala akukalipa, koma eni situdiyo akungoimba mluzu.

Chonde ndikonzereni flashi ina. Muitumize pa basi, ifikire kuchipatala, osati kunyumba. Hadi dirayivu ndaisungitsa kale kwa mnzanga Bessie. Amayi musawauze kanthu. Ndikufuna ndionetsetse kaye makutu a mwana wa pachithunzi uja, ngati akufanana ndi a alamu anu.

Ine mlongo wanu,
Ivy