Timatabwa Tisanu ta pa Windo

Braunston,
Lachinayi masana

Mwana wanga Lorna,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana kutali komwe uliko. Kodi chifuwa cha Callum chija chinatha? Kuno mvula ndi yomwe ija, mawondo anga ndi omwe aja. Dzanja ukulionali ndi la Glenys wa khomo loyandikana nafe. Ine ndikuyankhula, iye akulemba, ndipo wandichenjeza kale kuti ndikangoyamba za mahatchi aponya cholembera pansi.

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi Sheila wogulitsa buledi. Anandikokera pambali mwezi wa Malichi, akuti amayi ako anaima m'sitolo mwake akuloza buledi ndi chala, dzina lake osatuluka pakamwa. Ine ndinamuyankha kuti buledi wake ndi amene alibe dzina, wouma ngati njerwa. Tinaseka. Koma ine timatabwa tinali titandiuza kale.

Ukutikumbukira, si choncho? Timatabwa tisanu ta zilembo ta pa windo la kukhitchini. Mwina sunamve kumene tinachokera. Titangokwatirana, tikadali m'bwato lonyamula malasha pa ngalande, amayi ako analumbira kuti andiphunzitsa kuwerenga. Paja ife ana a m'mabwato sukulu tinkangoiona tikudutsa. Anagula bokosi lathunthu la masewera a zilembo, koma sabata isanathe ndinaligunda ndi chigongono, lonse nkugwera m'madzi. Ndinavuula tisanu tokha ndi chipewa. Anatiyang'ana, nkundiyang'ana ine, amvekere mutu ngati wakowu tisanu tikwanira.

Ndipo tinakwaniradi. Zilembo zomwezomwezo, koma mawu a Chingerezi osiyanasiyana. M'mawa uliwonse ketulo isanawire ankatisanja, ine nkubwera kudzamva mlandu wanga. Ndikaba bisiketi wawo ndinkapeza steal. Buledi akagona, stale. Denga likadontha, slate, kuti ndikwere ndikabwezere mwala wofolera umene wachoka. Ndikachedwa ku bara ndikusimba nthano zanga, tales, ndipo amenewa ndiwo ankabwera kawirikawiri. Mpaka lero nyuzipepala ine ndimangoyatsira moto, koma mawu amenewa ndimawadziwa ngati nkhope za abale. Chilembo chopindika ngati khosi la tsekwe chija chikakhala kumchira, basi ndinkadziwa kuti dzulo ndalongolola.

Lorna, timatabwa tinasiya kuyenda. Chisanu chonse tinangokhala malo amodzi mpaka fumbi kutera. Ndinayamba kuba mabisiketi dala, pamaso pawo, ndikutafuna mokweza ngati hatchi. Anangondiyang'ana, nkundikankhira mbale yonse.

Tinapita kwa adokotala. Akuti ndi matenda oiwala, ndipo sabwerera m'mbuyo. Amayi ako anawathokoza bwinobwino, tili panja nkundifunsa kuti mnyamata waulemu uja akugulitsa chiyani.

Ndikudziwa zimene unene, kuti pa foni amamveka bwino. Eya, amaseka, amati zoona mwana wanga, zoona. Mawu omwewo amamuuza wobweretsa makalata, amamuuzanso mphaka wa Glenys. Nchifukwa chake iwe ukuti ubwera chaka chamawa ana akatsekera sukulu. Sindikukudzudzula. Ukadadziwa bwanji?

Dzulo tikumwa tiyi anaimirira, nkukaima pa chithunzi cha ukwati wako. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandifunsa kuti mayi wovala zoyerayu ndi wa kwa yani, nanga bwanji tikusunga alendo pakhoma. Ndinati ndi Lorna, mwana wathu. Anagwedeza mutu mwaulemu, ngati ndatchula dzina la munthu wa mu wailesi. Ine amene anthu amandithawa ku bara chifukwa cha pakamwa, ndinangodzuka pampando. Ndinatenga jekete nkukaima pa mlatho, kuyang'ana mabwato a anthu okasangalala akugundana pa chipata cha madzi. Glenys akuti ndidumphe nkhani imeneyi, pepala lanyowa. Ndi iyeyo walinyowetsa, osati ine.

Tsono tamva za lero m'mawa. Ndinatsika nkuwapeza ali kale pa windo, atavala juzi chozondoka, ketulo ili pamoto yopanda madzi. Timatabwa tinali titayenda! Koma khosi la tsekwe linali pakati, katabwa kena katagona chafufumimba, kena katazondoka. Si mawu amene ndinawaonapo, ndipo Glenys wawaona, akuti si mawu nkomwe.

Anandikoka malaya, amvekere iwe Reuben, tandiwerengera, maso anga lero ndi aulesi. Zaka zonsezi sanandipemphepo zimenezi. Ndinawerama ngati munthu wophunzira, nkukhosomola, nkunena kuti apa palembedwa tales. Anaseka, kuseka kwenikweni kuja kogwira pamimba, amvekere ndimadziwa, nkhalamba yolongolola iwe, ngakhale nsomba za m'ngalande zinatopa nawe. Kenaka anayang'ana ku masitepe, nkutsitsa mawu, akuti usakweze, umudzutsa Lorna, dzulo anagona mochedwa.

Dzina lako likadalimo, mwana wanga. Dzulo linasowa, lero labwerera, mawa sindikudziwa. Usadikire chaka chamawa. Ana asiyire bambo awo, ukwere ndege. Ngakhale akakuyese mlendo pakhomo, udzalowe, udzawadutsire pa masitepe paja m'mawa, mwina adzakudziwa potsika. Timatabwa sinditikhudza, udzatipeza momwe atisiyira.

Undiperekere moni kwa Graham, kwa Callum ndi kwa Isla wamng'onoyo. Mulungu akusungeni nonse, akutsegulirenso njira.

Ndine bambo ako,
Reuben