Dandaulo la Masamba Osasesa pa Kasupe wa Kalonje

KOMITI YA KASUPE WA KALONJE, MPHAMBA
Tsiku: Lachinayi, 18 Januwale 2024
Malo: Pansi pa mkuyu, pafupi ndi kasupe
Opezeka: a Taizya Mtonga (Wapampando), a Linah Zimba (Mlembi), a Kenan Lungu, Amayi Jemima Ngoma (osamala kasupe) ndi mamembala ena asanu.
Osapezeka: Amayi Justina Mvula (ati ali ku fodya, monga mwa masiku onse).

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphelo nthawi ya 9:20.

2. Dandaulo
A Kenan anati Amayi Jemima achotsedwe pa udindo, chifukwa chiyambile mvula sanasesepo masamba m'kankhalango kozungulila kasupe. Anati mzimayi woopa tsache sangasunge madzi a mudzi. Mawu akuti "waulesi" anawanena katatu, koma mlembi walemba kamodzi.

Amayi Jemima anayankha kuti potungila amasesa m'mawa uliwonse, koma masamba a pansi pa mitengo amawasiya dala, chifukwa timachule tija tolila ngati nkhululu timaikila mazila pansi pake. Anati timeneti sitiswela m'madzi, ndipo sitikhala mbululu.

A Kenan anati: "Amama, chule wosayamba mbululu? Ndiye kuti inenso ndinabadwa ndi ndevu!" Ambili anaseka. Mlembi akuvomela mwamanyazi kuti nayenso anaseka.

3. Umboni
Amayi Jemima anavundukula beseni la dothi lonyowa ndi masamba, limene anabwela nalo kuchokela m'kankhalango. Munali timazila tonga mapila, kachule kopindana kakuonekela m'kati. Wapampando anabweleka magalasi a mlembi. Tili chisuzumile, dzila limodzi linang'ambika, n'kutuluka kachule kathunthu, miyendo inayi, kopanda mchila, kosaposa njele ya mpunga. Abale, kanadumpha! Wapampando anakuwa kuti "Chiuta wane!" Tina tiwili tinatsatila pomwepo. Msonkhano unasokonekela kwa mphindi khumi, akuluakulu akukwawa kufunafuna kamene kanathawila pansi pa benchi. Zimene zinanenedwa panthawiyi sizinalembedwe, mlembi anali chogwada nawo.

Bata litabwelela, Amayi Jemima anati chaka chatha, atatentha masamba molamulidwa ndi komiti ino, anapeza timazila topselela m'phulusa. Mtima unawapweteka, koma sanauze munthu poopa kusekedwa.

4. Chigamulo
Onse anagwilizana kuti Amayi Jemima apitilize udindo, ndipo masamba asasesedwe kapena kutenthedwa mpaka mvula itatha. A Kenan anaimilila, navula chipewa, nati: "Amama, ndinakunyozani pagulu, ndipepesanso pagulu. Pakamwa panga panathamanga." Amayi Jemima anathokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo, adada," misozi ili mbwembwembwe.

5. Zina ndi zina
A Kenan anapempha kuti beseni alibwezele okha kunkhalango. Analoledwa. Ananyamuka atalifungata, Amayi Jemima ali pambuyo kuwauza poponda.

Msonkhano wotsatila: 15 Febuluwale 2024. Wapampando anatseka nthawi ya 11:05.

T. Mtonga, Wapampando ............
L. Zimba, Mlembi ............